Mkazi wanga sanalire pa maliro a mkulu wanga

Aphungu,

Mutu wandiima ndi mkazi wanga Dorin. Kuseri kwa nyumba yathu tili ndi chisakasa choonetsera mafilimu, ndipo amayendetsa ndi iyeyo. Anthu kuno safuna zina koma zokhapana ndi zikwanje, magazi ali chuchuchu. Poyamba ankatseka m'maso. Pano amaonera akutafuna mtedza wake wa buai, osaphethira n'komwe.

Sabata yatha mkulu wanga Kaupa anamwalira mwadzidzidzi. Pasiwa tonse tinadzipaka matope kumaso n'kumalira mogubuduka monga timachitira. Dorin anangokhalira kuotcha mbatata za olira masiku atatu, msozi ngakhale umodzi ayi. Azakhali anandikokera pambali nati, "Mwana wanga, mkazi wouma m'maso chonchi akudziwapo kanthu. Anthu ayamba kuloza." Mukudziwa zimene amamuchita kuno mkazi akangonenedwa kuti ndi sanguma, mfiti.

Nditamufunsa Dorin anangoti, "Bambo, nanga anthu onsewa akanadya misozi yanga?" Kodi ndi mafilimuwa amuumitsa mtima, kapena pali china chimene akundibisira? Kunena zoona, nanenso ndayamba kumuopa.

K.W., Kundiawa

Bambo K.W.,

Pepani ndi malirowo. N'zoona, woonera magazi a pakanema tsiku ndi tsiku amasiya kudzidzimuka nawo, monganso wopha nkhumba amazolowera kulira kwake. Koma kuzolowera filimu si kutha chisoni. Munthu wouma mtima sakhala pa utsi masiku atatu kudyetsa abale a mwamuna wake.

Amene ndikuwakayikira ine ndi azakhali anuwo. Akuti "anthu" akuloza. Afunseni mayina, mwina mupeza kuti anthuwo ndi iwo omwe. Pitani kuchipatala akakuuzeni chimene chinapha Kaupa, mukachinene pamaso pa abale onse, abusa alipo. Yendani ndi Dorin poyera, mudye naye mbale imodzi aliyense akuona. Manong'onong'o akakula, m'perekezeni kwa makolo ake tsiku lomwelo ndipo mudziwitse apolisi. Mafilimu okhapanawo achepetseni ngati akukusowetsani mtendere, koma musamauze anthu kuti amusintha mkazi wanu, mungawapatse poyambira.

Chenjerani, bambo. Amene amaotcha mkazi wonenedwa ufiti ndi zitsulo zamoto amayamba ayang'ana nkhope ya mwamuna wake. Akaona kuti nayenso akukayika, amasonkha moto.