Bambo Aphwisa

Mbulumbuzi,
Chiradzulu.

Wokondedwa mchemwali wanga Thandie,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka.

Imirira, uleke zonse ukuchitazo. Ndikulengeza ku mtundu wonse kuti Bambo aphwisa. Zachitika dzulo, wodi yonse ndi mboni.

Usaseke. Chiwachitireni opaleshoni ya matumbo ija, adokotala ankangoti asalawe ngakhale phala mpaka mpweya utatuluka, ukakanika abwereranso ku mpeni. Ine ndi digiri yangayi ntchito inangokhala yotchera khutu ku bulangete.

Timibulu tako ta homiyopathi tija tinafika. Akuti mankhwala ake anawasungunula m'madzi kambirimbiri mpaka madziwo anangotsala ndi chikumbumtima choti anakumanapo ndi mankhwala. Anamwino anati tisunge kaye. Azakhali anawaponyerabe kamodzi m'kamwa mobisa, moti pano akulalikira paliponse kuti za ku Joni sizinama.

Koma zoona zake nazi. Amene wakhala akugona pansi pafupi ndi bedi lawo, kuwatembenuza ndi kuwachapira, ndi mlamu wako Agnes. Dzulo atatuluka kukatunga madzi, Bambo anandikoka dzanja n'kundinong'oneza kuti mpweyawo wakhala ukufika pakhomo, koma iwo amaubweza. Anati munthu wamkulu ngati iwo angachite bwanji zimenezo mpongozi ali pomwepo? Bola mpeni. Anandilumbiritsa kuti Agnes asamve.

Atabwera ndinamuuza kuti Bambo akuti azipita kunyumba. Anafunsa chimene walakwa. Ndinati palibe. Anafunsanso. Ndinayang'ana kudenga ngati ndikuwerenga malata. Anapinda zitenje zake, kuwagwadira, ulendo. Ndikukhulupirira anali asanakwere minibasi pamene wodi inagwedezeka.

Ndiye chonde, timibulu tina usatumize. Muimbire Agnes lero lomwe. Amene analumbira ndi ine, iwe sunalumbire. Umuuze mmene ungathere, bola Bambo asadziwe kuti zinachokera kwa ine.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni nonse.

Bambo akumwa phala tsopano, ndipo akufunsa kuti mpongozi wawo abwera liti. Agnes sanafikire kunyumba kwathu. Anapitirira kwawo ku Ndunde, foni yanga sakuyankha. Amayi ake ndi amene anayankha kamodzi, n'kundifunsa ngati mwana wawo anaba kanthu m'chipatalamo.

Ndine mlongo wako,
Gladson