Maso a mwana wa ba Mwila

Lachinayi, ku Mtendere.

Lero kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhale pansi tsiku lonse. Mwana wa ba Mwila, aneba anga, wadwala maso. Ali ndi masabata atatu okha. Ndamuona m'mawa amayi ake akuchokera naye ku kiliniki, zikope zitatupa, mafinya atamata maso onse awiri.

Lamlungu ndinapita kukaona mwanayo maso anga ali ofiira, akuyabwa. Amuna anga anati ndidikire ndichire kaye, koma ndinkafuna azimayi a kutchalitchi andione ndikupereka mphatso. Ndinavala magalasi akuda n'kunama kuti ndi dzuwa. Ndinamunyamula mwana, ndipo atasanza mkaka ndinamupukuta kumaso ndi kansalu komwe ndinkapukutira misozi yanga.

Madzulo ano ndakumana ndi ba Mwila pampopi. "Ba Tisa, nine nalakwa," anatero akulira. "Bapongozi bakamba ati sinimusambika bwino mwana." Ine ndinangowagwira paphewa n'kunena kuti, "Azachila, musadandaule." Ndinawanyamulira chigubu mpaka pakhomo, koma zoona zake sindinawauze.

Anesi awapatsa mankhwala odontheza m'maso. Ati mwana akapanda kusintha pofika Lolemba, awatumiza kuchipatala chachikulu. Anga maso achira, ayera bwinobwino, ndipo ndikuchita manyazi kudziyang'ana pagalasi.

Mawa apongozi awo akubweranso kudzawakalipira. Ndiyenera kukafika iwo asanafike, ndikanene kuti matendawa ndinabweretsa ndine. Ndayeserera kangapo mawu oti ndikanene, koma nthawi zonse ndikumayamba ndi "mwina".