Pansi Pathu ndi Denga la Namwino

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likuti bwanji? Paja munati limatupa mukapondaponda makina osokera tsiku lonse. Musamangolimanga nsalu, pitani akalione kuchipatala. Kuno tilipo. Alamu anu ali bwino, ana akupita kusukulu, ndipo ntchito yanga yoyendera masikelo m'masitolo ikuyenda monga mwa masiku onse.

Abambo m'thupi akupezako bwino. Kuchipatala tikupitabe Lachiwiri lililonse chifukwa cha impso zija, ndipo adokotala akuti chaka chino sangawalole kubwerera kwanuko. Chimene chavuta ndi makutu. Pepala la adokotala a makutu ndili nalo pano, mzere wake ukungotsika mwezi ndi mwezi. Mawu aang'ono, monga a ana, a mbalame ndi a foni, sakuwamvanso. Atsala ndi mawu aakulu okha, nawonso akutha. Kachipangizo ka m'khutu anakavala masiku atatu n'kukaponya m'chikwama cha mankhwala, ati kamalira ngati ntchentche yotsekeredwa m'chitini. Tikafuna kuwauza kanthu timalemba papepala, iwo n'kuyankha pakamwa.

Nyimbo zija munasamutsa pa tepi yakale ya bandi yawo zinafika. Ndinawaikira pa kasipika kanga ka patebulo n'kukweza mpaka pamapeto. Anamvetsera khutu lili pa sipika, kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndani wawachotsa m'nyimbo. Akuti ng'oma akuzimva patalipatali, koma gitala lawo la besi mulibe. Munthu amene ankatchedwa a Mabingu pa maukwati onse, ati lero wafufutidwa ndi ana ake omwe. Ndinawalembera kuti palibe wawachotsa, kungoti kasipika kakang'ono sikangakankhe mpweya wokwanira kutulutsa besi. Anawerenga n'kunena kuti ndisiye kuwaphunzitsa sayansi pa nyimbo imene anaimba ine ndisanabadwe. Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake chimodzimodzi.

Mukundidziwa, sindigula chinthu ndisanachiwerenge. Ndinatha masabata awiri ndikuwerenga za mawufa, masipika aakulu aja otulutsa besi yokha. Ndinapeza kuti alipo a mitundu iwiri. Wufa ya bokosi la bowo imagunda kwambiri koma mawu ake amapakana, pamene ya bokosi lotseka siifuula, koma imapatula chala chilichonse cha woimba. Ndinayeza chipinda chochezera, mamita anayi m'litali, atatu m'lifupi. Wogulitsa m'sitolo ankandikakamiza chiwufa chachikulu cha mainchesi khumi ndi asanu, ati bwana, ichi chikalira ngakhale apongozi anu kumudzi adziwa kuti muli moyo. Ndinamuyankha kuti chipinda changa si holo ya ukwati, n'kutenga ya mainchesi khumi, yotseka.

Mabuku amati malo oika wufa amapezeka chokwawa. Umaikweza pampando pamene womvetsera azikhala, n'kuiliza, iwe n'kumakwawa m'mbali mwa khoma kufuna pamene besi ikumveka bwino. Pamenepo ndiye pamalo pake. Ndinakwawa ndithu, ine bambo wa ana atatu. Abambo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza mpongozi wawo kuti sukulu yonse ija yathera pamaondo. Malo anapezeka pangodya, pafupi ndi zenera.

Zimene zinachitika titaiyatsa, achemwali, mabuku sanandiuze. Abambo anavula masilipasi n'kuponda pansi ndi mapazi okhaokha. Paja ife timakhala m'nyumba ya pamwamba, ndipo pansi pathu ndi pa matabwa. Besi imayenda m'matabwamo n'kukwera m'miyendo mwawo. Zala za dzanja lamanzere zinayamba kuyenda pa ndodo yawo ngati pa gitala. Anati ndi amenewo a Mabingu, abwera. Anatchula pamene woimba ng'oma ankathamanga, n'kumukalipira malemuyo ngati ali pomwepo. Tsiku limenelo anadya n'kupempha kuti awaonjezere. Kwa masabata atatu, ife tikachoka m'mawa, iwo ankakhala pampando wawo mapazi ali pa thabwa.

Koma pansi pathu ndi denga la munthu wina. Amene amakhala m'munsimo ndi namwino, mayi wa ulemu wake, amene amagwira ntchito usiku n'kumagona masana. Anabwera Loweruka lina maso ali psuu, osakalipa n'komwe. Anangondipempha kuti nditsike ndikamve ndekha. Ndinatsika. Kumeneko nyimbo siimveka, chimamveka ndi kugunda kokha, ngati wina akusinja pamutu pako. Makapu ankalira m'kabati. Anandiuza kuti sabata imeneyo anatsala pang'ono kupatsa wodwala mankhwala a mnzake chifukwa cha tulo. Sakunama, ndipo si munthu wankhanza.

Ndinayesa zonse zimene zinalembedwa. Ndinaichotsa pangodya. Ndinaika siponji yokhuthala pansi pake kuti isakhudze matabwa. Namwino anati zikomo achimwene, lero ndagona. Abambo anati chinthuchi chawonongeka, mulibe kanthu. Ndinachepetsa siponji, abambo n'kumwetulira, makapu n'kuyambiranso. Ndinalemba zonse m'kope, muyezo uliwonse ndi tsiku lake, kufuna pakati pamene onse awiri angakhale pamtendere. Pakatipo palibe. Chimene abambo amamva ndi mapazi ndi chomwecho chimene chimadzutsa namwino, thabwa lake ndi limodzi.

Mwina munena kuti aziiliza namwino akapita kuntchito. Lamulo la nyumba limaletsa phokoso dzuwa likalowa, ndipo kuseri kwa khoma lathu kuli khanda. Mahedifoni ndinayesa, koma iwo amalankhula ndi makutu, makutuwo ndi amene atha. Tsiku lina ndinanyamula wufa kutsikira nayo m'galaja, pa simenti, abambo akutsatira pang'onopang'ono ndi ndodo. Anavula masilipasi, anaponda, anadikira, n'kunena kuti pansi apa pafa. Choncho ngakhale adokotala akanawalola kubwera kwanuko, nyumba yanu ya simenti sikanawathandiza.

Sabata yathayi eni nyumba anabwera ndi kalata. Akuti wufa ikaliranso kamodzi, tikapeze kwina kokhala. Ndafunafuna nyumba ina yapafupi ndi chipatala chonchi, imene abambo angamafikeko wapansi. Kulibe.

Tsono apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Ndinatenga pepala kuti ndiwalembere zoona, ndinalemba mizere iwiri n'kung'amba. Abambo mukuwadziwa. Akadziwa kuti nyimbo yawo inatsala pang'ono kuvulaza wodwala ndi kuthamangitsa zidzukulu m'nyumba, sadzaiyatsanso, koma sadzadyanso, ndipo adzayamba zija zoti iwo ndi katundu pakhomo pa mwana. M'malo mwake ndinazula fyuzi kumbuyo kwa wufa iwo ali kubafa, n'kuwalembera kuti wufayo yapsa. Ine amene ndimalanda masikelo a anthu chifukwa chonama.

Ndinaiwala kuti munthu amene anayenda ndi bandi zaka makumi awiri amadziwa kukonza zida. Sanadandaule n'komwe. Anangopempha sikuludalaivala. Masiku atatu akhala pansi, magalasi ali pamphuno, akutsata waya uliwonse, akununkhiza ngati pali popsa. Mpongozi wawo akuti ngakhale chakudya akudyera pomwepo. Dzulo nditafika kuchokera kuntchito abambo anandikoka dzanja n'kundionetsa kabowo kopanda kanthu. Akuti sinapse, fyuzi ndi imene yagwa, mwina ana anaisesa. Anandilembera nambala yake pa kapepala kuti ndisalakwitse, n'kundiseka kuti inu ophunzira mukanataya chinthu chabwinobwino. Fyuziyo ili m'thumba la malaya anga pamene ndikulemba pano. Lero ndawauza kuti m'masitolo yasowa. Bodza limeneli silingadutse Loweruka, chifukwa akuti tsiku limenelo apita okha kukaifuna, ndipo aipeza, chifukwa ili m'sitolo iliyonse.

Pempho langa ndi limodzi. Alembereni kalata abambo, ya iwo okha, m'zilembo zikuluzikulu. Yangayi ndiipatsira dalaivala wa basi ya mawa, chifukwa kawiri konse ndakuimbirani foni kuti ndikuuzeni zimenezi n'kungothera pa nkhani ya mvula. Yanuyo muijambule pa foni n'kunditumizira, ine ndidzaisindikiza lisanafike Loweruka. Muwauze zoona: za namwino, za eni nyumba, ngakhale za fyuzi. Ine ndikamafotokoza chinthu ndimafotokoza molondola, munthu n'kusiya kudya. Inu ndi amene munawauza kuti asiye kukwera njinga yamoto, iwo n'kumvera osakwiya. Sindikudziwa ngati kalata yanu ithandize. Kungoti china chochita ndilibe.

Mupereke moni kwa alamu, kwa ana onse pakhomopo, kwa azakhali ndi kwa amalume. Amalume muwauze kuti magalasi awo ndawatengako kwa wokonza, ndidzawatumiza ulendo wina. Alamu anu ndi ana akupereka moni wambiri. Abambo atandiona ndikulemba afunsa ngati kalatayi ndi ya kwa inu. Akuti ndikuuzeni kuti musadere nkhawa, vuto alipeza okha, ndi kanthu kakang'ono, ndipo Loweruka masana muimbe foni kuti nanunso mumve besi.

Ine mlongo wanu,
Mzime