Tseka, Lorene

Lolemba, 13 Januwale

Mphepo tsiku lonse. Fumbi mpaka m'khofi. Sinki ya kukhitchini yakana kumeza madzi, mbale zikungoyandama.

Mayi Ybarra, amene akuphunzitsa a Wendell kuyenda, andiimitsa pakhonde la chipatala. Akuti Lachinayi la sabata ya mawa abwera kudzaona kalavani yathu. Masitepe, bafa, chimbudzi, zonse. Akakhutira, amuna anga abwerera kwawo kuno. Akapanda kukhutira, Marcy awatengera ku Omaha, kunyumba yosungirako okalamba, ine n'kukandiika m'chipinda chake chapansi pamodzi ndi makatoni. Mwana wobereka ndekha ameneyu. "Amayi, munthu wa sitiroko sangakhale m'chitini cha mateyala." Chitini eti! Nyumba yanga.

Vuto ndi matanki a madzi oipa, pansi pa kalavani. Alipo atatu. Yakuda, ya chimbudzi. Yotuwa, ya kubafa. Yotuwa inanso, ya kukhitchini. Potulukira pawiri, kumbuyo ndi kutsogolo. Paipi imodzi, bowo lotayira pansi limodzi. Amene anakonza zimenezi sanatsukepo mbale chibadwire.

Inali ntchito ya a Wendell. Loweruka lililonse, magolovesi m'manja, likhweru pakamwa. Ine sindinkafunsa. Kumbuyo ndinathana nako kale. Sabata yomwe anagwa ija ndinakoka zogwirira zonse ziwiri, chakuda ndi chotuwa, n'kuzisiya chotsegula kuti zizingopita zokha. Mawondo angawa si ogwadira pamiyala sabata ndi sabata. Kwatsala kutsogolo.

Lachiwiri, 14 Januwale

Ndachotsa chivundikiro cha kutsogolo, ndakoka chogwirira. Osaganiza n'komwe kuti kumeneko kulibe paipi. Khuthu! Madzi otsukira mbale a masabata onsewa, pansapato zanga za kutchalitchi.

A Delbert, aneba, ali pampando wawo wa masiku onse. "Mwayamba kuthirira miyala, a Lorene? Mudzatigawireko ikabereka." Kenako akuti andithandize. Ndakana. Bambo ameneyu ndi khutu la Marcy. Tsiku lija ndinatsekera makiyi m'galimoto, Marcy anadziwa ndisanamalize n'kutukwana komwe. Akangoona kanthu pansi pa kalavaniyi, mawa lake ku Omaha nkhani ili mkamwamkamwa.

Ndapita m'tauni. Paipi ina, ndi kolumikizira ka mphanda, koti mapaipi awiri akumane n'kulowa bowo limodzi. Mtsikana wa m'sitolo wandionetsa kapotokoledwe kake, kawiri, pang'onopang'ono, ngati ndine wogontha. Akuti paipi izitsetsereka, isagone. Ndaichirikiza ndi matabwa, zitini za supu, ndi jombo imodzi ya a Wendell.

Msana ukuwawa. Chakudya: buledi, ndili chiimire.

Lachitatu, 15 Januwale

M'mawa sinki yameza. Ndaimirira pomwepo, ndikungotsegula mpopi n'kutseka ngati mwana.

Ndathamangira kuchipatala kuti ndikadzitame. Chigwereni a Wendell sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Maso okha, ndi dzanja lamanzere. Ndawafotokozera zonse, za mphanda, za zitini, za jombo yawo. Ndati, musadandaule bambo, zogwirira zonse zitatu n'zotsegula usana ndi usiku, palibenso chogwadira.

Nkhope yawo yafiira. Milomo kulimbana, kulimbana. Kenako: "Tseka."

Namwino anali pakhomo, waomba m'manja. Wathamanga kukaitana Mayi Ybarra. Liwu loyamba! Aliyense kukondwa, wina mpaka misozi. Nanenso ndamwetulira, nanga n'kutani pagulu.

Koma liwu limenelo ndimalidziwa ine. Ndakalamba nalo. "Tseka pakamwa, Lorene, ndimveko nkhani." "Tseka pakamwa, nsomba zikuthawa." Ankanena akumwetulira cha kumbali, ine n'kumapitiriza. Lero panalibe kumwetulira. Amenya bedi ndi dzanja labwino lija. Tseka. Tseka.

Pobwerera ndazimitsa wailesi. Minda ya letesi yokhayokha, mabasi a antchito, fumbi.

Lachisanu, 17 Januwale

Chimodzimodzi. Ndangoyamba kuti, kunyumba zonse zikuyenda, basi ayamba. Ndatenga chikwama.

Munthu wataya mawu onse a dziko lapansi. Labwerera limodzi lokha, ndipo ndi londikhalitsa chete ine. Zandipweteka. Ndilembe momwemo: zandipweteka kwambiri.

Ndimalankhula, inde. Amayi anga ankati ndinabadwa ndikuyankha. Koma a Wendell anandipeza ndili chomwechi, m'sitolo ya mbewu ndi zitsulo momwe ndinkagwira ntchito, ndikuwauza mbiri ya banja lathu lonse iwo angofuna misomali. Anabweranso mawa lake, misomali ina. Nanga lero?

M'chimbudzi muli kafungo. Ndi timantchentche ting'onoting'ono, takuda. Ndagula mankhwala opopera a fungo la maluwa. Tsopano mukununkha maluwa ndi chinacho.

Ndapukuta mawindo oyera kale. Ndasintha malo a makapu. Ndawabwezera.

Lamulungu, 19 Januwale

Dzulo sindinapite kuchipatala. Koyamba chigonekereni. Ndinafika mpaka pagalimoto, makiyi m'manja, ndinabwerera.

Lero ndapita ndi zoluka. Ndakhala pambali pawo phee. Akufuna bata, nalo bata. Andiyang'ana, andiyang'ananso. Akweza nsidze ngati akudikira. Ine maso paulusi. Potuluka agwira mkono wa juzi yanga, milomo yayambanso kulimbana. Ndathawa lisanatuluke.

Chimbudzi chasiyiratu. Ukaponda chopondera madzi amangozungulira, osatsika bwino. Ndaunikamo ndi tochi. Sindilemba zomwe ndaona. Tsopano ndikupita ku zimbudzi za onse kuseri kwa ofesi ya malo athu ano a makalavani, ndikunamizira kuwongola miyendo. A Delbert: "Masiku ano mwalimbikira majowajowa, a Lorene. Kapena kuli wina kumeneko?" Ndawayang'ana diso limodzi, ndapitirira.

Marcy wayimba. "Amayi, mwangoti zii bwanji? Mukudwala? Inu simukhala chete chonchi." Ndati ndatopa. Akuti malo a bambo ake apezeka, chipinda choyang'ana kumunda, angofuna yankho.

Mwina ndi zimene a Wendell akufuna. Chipinda chachete, anamwino oyenda monyang'ama. Mwina sakufuna kubwerera m'chitini kudzatsekeredwa ndi pakamwa panga. Ndatulutsa katoni, ndaikamo malaya awo. Ndawatulutsanso. Ndaikamonso. Katoni ili pabedi, ine ndagona pampando.

Lachinayi likubwera, ndipo nyumba ikununkha.

Lolemba, 20 Januwale

Izi ndilembe ndithu.

Chakumadzulo kwafika alendo pamalo a kumanzere kwathu. Banja lochokera ku Alberta, kalavani yatsopano mbee, angopuma kumene pantchito. Bamboyo agwada, alumikiza paipi, akoka zogwirira zonse, akudzipukuta m'manja monyadira. Ine ndikuyanika zovala, kopanira kali pakamwa.

A Delbert adzambatuka pampando. "Tseka yakudayo, mphwanga! Tseka!"

Kopanira kagwa.

Ndamva zonse. "Ukaisiya chotsegula, madzi amathawa okha, zolimbazo n'kutsala. Zimaunjikana, zimauma, zimamanga chulu. Yakuda imakhala chitsekere mpaka idzaze, ndiye ukoke kamodzi, zonse zichokere pamodzi. Ukatero ukoke yotuwa, itsuke paipi. Apo ayi, udzasamuka wekha m'nyumba mwako."

Chulu. Ndi chimene ndinaona ndi tochi.

Ndazungulira kumbuyo, ndagwada pamiyala, ndakankha chogwirira chakuda mpaka gwa. Kenako ndangokhala pansi pomwepo. Kuseka, kulira, sindikudziwa chinayamba n'chiti. Munthu wagona chagada, theka la thupi silikumumvera, wasonkhanitsa mphamvu zake zonse kuti atulutse liwu limodzi. Ndipo walitulutsira nyumba yathu, kuti akhale ndi kobwerera. Ine ndamulipira ndi zoluka ndi mkwiyo.

Safunsa anadya phula. Ine ndadya zoposa phula.

Ndapita kwa a Delbert. Ndati ndili ndi chulu, ndipo mukangouza Marcy, ndikhuthulira thanki yonse pakhomo panu. Avula chipewa, akanda dazi. "Ine ndi mwana wanu timangokamba za nyengo." Bodza. Koma andibwereka ndodo yawo yopopera madzi, yolowetsa kudzera m'chimbudzi. Akuti madzi otentha, sopo wotsukira mbale botolo lonse, ndidzaze, ndidikire. "Chimamangidwa pang'onopang'ono, sichigwa tsiku limodzi."

Ndikanathamangira kuchipatala, koma nthawi ya alendo inali itatha. Ketulo pamoto, ketulo m'chimbudzi, mpaka mikono kufa.

Lachiwiri, 21 Januwale

Ndafika asanatsegule. Ndaima pakhomo la chipinda chawo, chikwama chili paphewa. Ndangoti, ndatseka. Chakuda. Ndatseka, bambo.

Atulutsa mpweya wautali. Mapewa atsika. Atsinzina, dzanja likundifunafuna pabulangete. Ndawapatsa langa. Posakhalitsa ayamba mkonono. Namwino akuti chiyambire Lachitatu lija samagona bwino, amangogubuduka.

Ndakhala nawo mpaka masana. Sindinalankhule, koma si bata la Lamulungu lija.

Madzulo ndakoka chakuda. Timadzi chabe, tsopotsopo, basi. Ndatsekanso. Ndodo ya a Delbert, madzi ena, sopo wina. Mayi wa ku Alberta wabweretsa makeke, wafika pakhomo, wasiya mbale pasitepe, wabwerera chambuyo akumwetulira. Sindikumunena.

Katoni ija ndaikhuthula. Malaya abwerera m'kabati. Koma katoniyo sindinataye.

Lachitatu, 22 Januwale

Timadzi tokhatokha. Tsiku lonse kulowa, kutuluka, kugwada, kumvetsera. Ndaika khutu pamimba pa kalavani ngati mzamba.

Marcy wayimba kawiri. Sindinayankhe.

A Delbert akuti ndithiremonso, nditseke ndi zotuwa zomwe, ndisiye mpaka mawa, ndisakhudze. Kusakhudza ndiye kovuta.

Lachinayi, 23 Januwale

Ndadzuka ndi dzuwa. Magolovesi a a Wendell, aakulu, zala kumangopindika. A Delbert aima patali, khofi m'manja. Ndakoka.

Poyamba zii. Kenako paipi yagwedezeka, yadumpha pazitini, jombo ija yagwa. Phokoso lake! Sindinamvepo nyimbo yokoma chotere, ngakhale paukwati wanga. A Delbert avula chipewa ngati pakudutsa maliro. "Chapita, a Lorene. Chiuse mumtendere."

Ndatseka chakuda. Ndakoka chotuwa cha kubafa, chatha, ndatseka. Cha kukhitchini, chatha, ndatseka. Chimodzichimodzi. Mawindo onse pululu.

Mayi Ybarra afika cha m'ma teni. Ayeza khomo ndi tepi. Akhala pachimbudzi ndi zovala zawo, aimirira, akhalanso. Aponda chopondera. Madzi atsika bwinobwino. Anunkhiza m'mwamba: "Mumakonda sopo wa mandimu, eti?" Ndati kwambiri.

Akuti masitepe a Wendell sangawathe, pafunika thabwa lotsetsereka, ndi chitsulo chogwirira kubafa. Akuti akakambirana ndi adokotala. Sananene inde, sananene ayi.

Kudikiranso. Ndasesa miyala. Miyala!

Loweruka, 1 Febuluwale

Masiku angothamanga, cholembera sindinachigwire. Thabwa anakhoma a Delbert ndi bambo wa ku Alberta, akukangana ngati ana. Marcy anabwera yekha kudzatenga bambo ake kuchipatala, analira pagalimoto, anati tiyesa mpaka Epulo. Wabwerera dzulo. Katoni anapita nayo, yodzaza mandimu.

Ali kuno. Agona pabedi lawo.

Lero Loweruka, tsiku la matanki. Ndawakhazika pampando kumbuyo kwa kalavani, bulangete pamiyendo, ndodo m'dzanja. Iwo kuloza, ine kukoka. Chakuda choyamba. Ndodo pansi, gu, ndatseka. Chotuwa. Gu. Cha kutsogolo. Gu. Ayang'ana zitini za supu ndi jombo yawo, apukusa mutu nthawi yaitali.

Ndavula magolovesi, ndakhala pasitepe. Ndayamba kuwauza zonse zimene anaphonya. Za nsapato za kutchalitchi. Za makeke osiyidwa pakhomo. Za a Delbert ndi chipewa chawo, za mtengo wa mazira, za mphaka wa kuofesi, za mlongo wa mayi wa ku Alberta amene anakwatiwa katatu. Ndinali ndisanafike n'pakati pomwe.

"Tseka."

Ndadzambatuka. Ndazungulira kalavani yonse, ndagwada, ndakhudza chimodzichimodzi. Chakuda, chotseka. Chotuwa, chotseka. Cha kutsogolo, chotseka.

Ndabwerera. Akumwetulira cha kumbali, mbali imene yatsala ija.

"Tseka, Lorene."

Dzina langa. Ndapukuta m'maso ndi mkono, ndakhalanso pasitepe, ndapitiriza za mlongo uja.