Anasainira Chiberekero Changa

Lolemba, 9 Juni

Tsiku lachitatu m'chipatala. Andiika magazi mabotolo awiri, chizungulire chachepako. Bedi langa ndi nambala 9, pafupi ndi zenera losatsekeka, ndipo dzina langa tsopano ndi lomwelo, "a naini". Dokotala wa magalasi anabwera m'mawa ndi gulu la ophunzira, anandipapasa pamimba, n'kumalankhulana okhaokha pamwamba pa mutu wanga. Ndinafunsa kuti zotupa za m'chiberekerozo zilipo zingati. Anangomwetulira, akuti musadandaule mayi, tikonza. Kenako anafunsa nesi kuti amuna anga abwera nthawi yanji. Ine ndili pompo, makutu onse awiri akugwira ntchito.

Lachiwiri, 10 Juni

Bambo akunyumba abwera atavala tayi, kuchokera kuntchito. Dokotala anawaitanira mu ofesi pamodzi ndi achemwali anga aakulu. Mwini mimba ndinatsala pabedi, kuyang'ana denga. Potuluka, achemwali maso ali psuu, kundifunditsa bulangete ngati khanda. Akuti ndi kaopaleshoni kakang'ono Lachisanu, kungochotsa totupa. Bambo sanandiyang'ane kumaso, amangosenda lalanje. Zaka khumi ndi chimodzi m'banja, ndimawadziwa. Akamabisa kanthu amasenda chipatso chimene palibe wapempha.

Lachitatu, 11 Juni



Mayi a pabedi 8, amene wodi yonse imawatcha Wailesi, anandigwira pamkono n'kuti pepa mwanawe, poti akuchotsa chiberekero chonse ulibe ndi mwana yemwe. Anamva achemwali akuuza wina pafoni pakhonde. Iwo amaganiza kuti ndikudziwa. Wodi yonse imadziwa, ngakhale wokolopa!

Ndinapempha nesi wina wamfupi fayilo yanga. Akuti ndi ya madokotala. Ndinati magazi alembedwa m'menemo ndi a ndani? Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsegula. Fomu yovomereza opaleshoni, pansi pake siginecha ya bambo, ya mchira wautali ija.

Mimba ziwiri zinapita padera, inde. Zaka 37, inde. Koma m'kabati ya pansi pa makina anga osokera muli timalaya tinayi timene ndinasoka ndi zotsalira za nsalu, ndipo palibe tsiku ndinanena kuti ndasiya kuyembekezera. Ndani anawauza kuti ndasiya?

Lachinayi, 12 Juni

Ndawafunsa onse awiri nthawi yoona odwala. Achemwali akuti amaopa kuti magazi anga athamanga ndikamva, ndili ndi mtima wofooka kuyambira ndili mwana. Mtima wofooka, ine amene ndinagonera amayi m'chipatala miyezi itatu iwo akungotumiza mauthenga! Akutinso dokotala ndiye anafunsa kuti wamkulu wa pabanja ndani, ndiye akanatani.

Bambo anati ndi iwo amene anandipeza pansi mu shopu, magazi mpaka pa nsalu za anthu. "Ine ndikufuna iwe wamoyo. Zinazo ndilibe nazo ntchito." Misozi ili mbwee. Ndinawamvera chisoni, sindinama. Koma ndinawauza kuti mantha awo ndawamva, nanga anga anawafunsa? Bwenzi nditadzuka Lachisanu ndili wopanda kanthu, onse akundimwetulira, kudikira tsiku labwino londiuza.

Madzulo nesi wabwera kudzanena kuti ndisadyenso chilichonse mpaka mawa. Ndatulutsa buledi ndi nthochi ziwiri, ndadya iye akuona. A Wailesi anaseka mpaka kutsokomola.

Lachisanu, 13 Juni

Anabwera ndi kabedi kamatayala ndi chovala chobiriwira chotsegula kumbuyo. Ndinati sindikwera. Anakaitana dokotala. Wafika akupuma mofulumira, akuti ndandanda ya ku thiyeta ndi yodzaza, ndikuchedwetsa odwala ena, ndipo achibale anga anavomereza kale. Amalankhula akuyang'ana bambo, kuti andinyengerere kaya kundikalipira.

Ndinati, "Adokotala, ndili kuno. Ine ndine telala. Munthu akabwera ndi nsalu yake sindilowetsa sizasi ndisanamufunse kawiri, ngakhale mwamuna wake ndi amene anagula. Chifukwa ukadula wadula. Inu mukufuna kudula ine."

Sista wamkulu, amene sabata yonse sanandilankhulepo, anatenga fayilo, n'kuwerenga fomu ija, n'kunena motsitsa kuti wodwalayu ndi wamkulu, mutu wake ukuyenda bwino, ndipo dzina lake palibe apa. Dokotala anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Kabedi kanabwerera kopanda munthu.

Achemwali akuti ndawachititsa manyazi. Apita osatsanzika.

Loweruka, 14 Juni

Magazi ayambanso. Ndikuopa, koma sindiuza aliyense, angati tinanena.

Lamulungu, 15 Juni

Ndawauza anesi za magazi aja, zobisa zandikwana. Andipatsa mankhwala, achepako. Ndalemba mafunso asanu ndi awiri kumapeto kwa kabuku kano. A Wailesi akuti ndiwonjezere lakuti chipsera chidzakhala chachitali bwanji. Iwo anawadula chala chakuphazi mwezi watha, akuti mpaka lero sakudziwa chifukwa chake, anangouzidwa kuti ana awo avomera.

Lolemba, 16 Juni

Dokotala wabwera yekha, wopanda gulu. Wakoka mpando n'kukhala. Koyamba kumuona maso ake ali pa msinkhu wa anga. Sanapepese bwinobwino, anangoti mwina tinayambira kolakwika. Kaya, ndalandira.

Wajambula pa tsamba lotsatirali. Zotupa zilipo zisanu ndi chimodzi, chachikulu ngati chibakera changa. Njira zilipo ziwiri. Kuchotsa chiberekero chonse, magazi n'kuleka mpaka kalekale. Kapena kuchotsa zotupa zokha, koma opaleshoni yake ndi yotaya magazi ambiri, zikhoza kumeranso, ndipo mwayi wa mwana ulipo koma ndi wochepa. Sabata yonse ija, njira yachiwiriyi palibe anaitchula ngakhale kwa bambo, poti iwo anangofunsa kuti yotetezeka ndi iti.

Ndinafunsa mafunso anga onse, ndi la a Wailesi lomwe. Atandifunsa kuti ndasankha chiyani, bambo, amene anali pomwepo, anayamba kuyankha, dokotala anakweza dzanja osawayang'ana. Palibe anandifulumizitsa.

Ndasankha zotupa zokha. Koma pali mzere wina pa fomu yatsopanoyo, wakuti magazi akakana kuleka ndili mtulo, achotse chonse kuti ndipulumuke. Anandiwerengera kawiri. Ndinaganiza za timalaya tija, ndinaganiza za bambo akundinyamula mu shopu. Ndinalira, kenako ndinavomera, ndasaina ndekha. Opaleshoni ndi Lachitatu.

Bambo anaima kumapazi kwa bedi, manja m'thumba, osadziwa pothera. Anafunsa sista motsitsa kuti nanga iwo asaine pati. Sista anatembenuza pepala n'kuloza pansi penipeni.

"Apa, bambo. Pa mboni."

Ndinawapatsa cholembera changa.