Msilikali wa Chipewa Chachikasu

Lamulungu, 5 Ogasiti 2007

Ndanamanso. Mkazi wanga Eneless ndinamuuza kuti ndikukayang'ana mpando wa mwana ku msika wa Lamulungu, uja azungu amagulitsira zakale kumbuyo kwa magalimoto awo. Mpandowo sindinaufunse n'komwe. Ndinalunjika pa tebulo la a Thompson, ndipo ndabwerako ndi msilikali wa chipewa chachikasu, wa 1979, ali m'katoni yake chitsekere.

Ndilembe pano poti palibe woona. Ine Ernest, bambo wandevu, amene ku Zomba ankanditchula aphunzitsi, ndimagula zidole. Osati za mwana ayi. Zanga. Tiasilikali tapulasitiki, tina ta m'mlengalenga, tina tobisa nkhope. Lamulo lake ndi limodzi, osatsegula. A Thompson amati chidole chikangotuluka m'katoni mtengo wagwa pomwepo. “Keep it sealed, Ernest, that's your pension.” Ndikafuna kudzitonthoza ndimati ndi bizinezi, komatu chiyambire sindinagulitsepo ngakhale chimodzi. Ndimangozikonda basi. Tsiku lonse kuntchito ndimanyamula makatoni a eni ake, awa okha ndiye anga.

E. amadziwa kuti ndi katundu wa a Thompson, ine ndikungowasungira. Bodza limenelo ndinaliphika chaka chatha ndipo likudyedwabe.

Vuto ndi ili: apongozi afika Lachitatu kudzatilerera mwana wathu Tinenenji, poti E. akubwerera kuntchito kuchipatala. Azidzagona m'kachipinda momwe muli zidolemo. Ndazilonga m'chikwama n'kuchiponya pamwamba pa wadirobu. Mayi wamkulu sangakwere pamenepo.

Lachinayi, 9 Ogasiti

Apongozi afika dzulo. Atangovula nsapato, Tine kumsana.

Nyumba za ku Bradford sanamangire anthu opewana. Kwathu mkamwini ukaona apongozi akubwera umangopatukira patchire, nkhani yatha. Pano tchire lili kuti? Masitepe ndi amodzi, opapatiza, awiri simungadutsane. Ndikamva akutsika ndimathawira kukhichini. Akalowa kukhichini ndimatulukira kuseri, kukaima pafupi ndi mabini mvula ikundiwaza. E. akungoseka. “Bambo a Tine, kuno ndi ku England, mupewana mpaka liti?” Iye akhoza kuseka. Amayi akewo ndi a ku Dedza enieni, chikwatirire mwana wawo sitinayang'anizanepo m'maso. Chipongwe sichiyambira kwa ine.

Tapeza wotiyankhulira, ndi Tine yemweyo, wa miyezi isanu ndi itatu. Iwo ali pabalaza amati, “Tine, uwafunse atate ako ngati adzuka bwino.” Ine ndili kuseri kwa chitseko, “Tine, uwauze agogo kuti ndadzuka, kaya iwo.” Mwiniwake ali dovu chuchuchu, mano akumuyabwa.

Loweruka, 11 Ogasiti

Takumana pakati pa masitepe. Tonse tinabwerera kumene timachokera.

Lolemba, 13 Ogasiti



Ndafika kuchokera kuntchito, ndalowa kukhichini, ndapeza tiasilikali tanga tonse tandandalika pa thaulo pazenera, tikuuma. Atitsuka ndi madzi otentha ndi sopo wa mbale. Makatoni awang'amba bwinobwino n'kuwataya mu bini, mvula yamalizitsa. Anakwera pampando. Mayi wamkulu uja amene ndimati sangakwere.

Ndiye mawu akuchokera pabalaza, okondwa kwabasi: “Tine, uwauze atate ako kuti zidole zako ndakutsukira. Mwana kumaseweretsa supuni chonsecho zidole zikuola pa wadirobu, makolo a masiku ano!”

Ndinagwira sinki. Kenako ndinadzimva ndikunena kuti, “Tine, uwathokoze agogo kwambiri.”

Ndinapita ku bini ngati wamisala, n'kumatola zidutswa za makatoni zonyowa, kuyesa kuzilumikiza. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anali pazenera lake akundiyang'ana. Ndinanamizira kuti ndikusesa.

E. atabwera anagwira pakamwa. “Mayo ine, katundu wa a Thompson! Tiwauza chiyani?” Ndinati ndikambirana nawo, ndi munthu womva. Mpata wonena zoona unalipo pamenepo, ndinaulumpha.

Lachiwiri, 14 Ogasiti

Lero ndachita chinthu chimene sindikufuna kulemba, n'chifukwa chake ndikulemba.

Pa TV amanena za zidole zimene akuziitanitsa m'masitolo kuti zibwezedwe. Ati penti wake ali ndi mtovu, chiphe chimene chimawononga ubongo wa ana aang'ono. Ndimamvera nditaima pakhomo la pabalaza, poti apongozi anali mkatimo. Iwo Chingelezi sakumva, amangoona zidole pa TV n'kumati, “Tine, taona anzako awo.”

Ndipo Tine ali pamiyendo pawo, akutafuna msilikali wa chipewa chachikasu. Mutu wonse uli m'kamwa.

Ine ndikudziwa. A Thompson anandiuza kale, tsiku limene ndinawaonetsa chithunzi cha mwana. Anati zakalezi sizinapangidwe ngati za lero, penti wachikasu ndi wofiira ndiye wosadalirika, ndipo zina zikakalamba pulasitiki wake amatuluka timafuta tonata. “Don't let the little lass chew 'em.” Ndinaseka tsikulo, ndinati sizidzatuluka m'katoni.

Ndiye ndikanatani? Kulowa, kuwerama pamiyendo pa apongozi, kulanda chinthu chimene iwo apatsa mdzukulu wawo? Kapena kunena kuti Tine, uwauze agogo kuti akukudyetsa chiphe? Ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso. Iwo anangotembenuzira nkhope kukhoma mwaulemu kuti ndidutse. Ndinadutsa.

Kuuza E. nakonso ndiye kuyamba kufunsidwa. Mukudziwa bwanji zonsezi, nanga munazilowetseranji m'nyumba ya mwana, a Thompson alibe nyumba? Ndaganiza zongozichotsa mwakachetechete mawa.

Lachitatu, 15 Ogasiti

Ndazitolera m'jumbo apongozi ali kubafa, ndakazibisa m'galimoto. Koma wachikasu uja palibe. Ndafufuza pansi pa mipando, m'kabedi ka mwana, paliponse.

Masana ndamuona. Amumangirira kunsonga ya chitenje ngati ndalama ya kuchigayo. Tine akangoti alire, amamasula. “Tine, uwauze atate ako kuti ameneyu ndiye wamukonda, enawo atha kubisa.”

Ndiye aona kuti ndabisa. Mwina akuti ndine woumira.

China chondichititsa manyazi kwambiri: m'galimotomo ndinatsegula jumbo n'kuyamba kuziyang'ana chimodzichimodzi, kuona zokalika, kuganiza kuti zopanda katoni zingagulidwe bwanji. Mwana wanga ali m'nyumba akutafuna, ine ndili panja ndikulira maliro a makatoni.

Lachisanu, 17 Ogasiti

Chipewa chija sichachikasunso kutsogolo kwake. Chayera. E. ali pa shifiti yaitali. Mawa ndinena.

Loweruka, 18 Ogasiti

Sindinanene. Thewera ndi limene lanena.

E. amasintha mwana m'mawa, anaona timadontho tachikasu. Namwino saona chinthu kawiri. Anatsegula kukamwa kwa Tine, anapeza kena pa nkhama. Anatsika masitepe ngati mphepo.

“Amayi! Mwanayu mukumupatsa chiyani?”

Apongozi anamasula chitenje, anaonetsa chidolecho akumwetulirabe. E. anachilanda. Sindinamumvepo akuyankhula choncho kwa amayi ake. Kuti kuno si kumudzi, kuti simungangotola chilichonse n'kuika m'kamwa mwa mwana, kuti akapezeka ndi vuto la ubongo mudzati chiyani. Theka m'Chichewa, theka m'Chingelezi, zonse zolasa. Iwo anangoti, “Ndimayesa ndi zake. Ndinatsuka, mwananga. Ndinatsuka ndi madzi otentha.”

Ine ndinali pakhomo, malo anga a masiku onse.

Pambuyo pake kuchipinda E. anati apita yekha kwa a Thompson akawafunse chimene amasungitsira zinthu zoterezi m'nyumba ya eni. Apo ndiye ndinagwira njakata. Ndinaulula kuti zidolezo ndi zanga, ndakhala ndikugula kuyambira chaka chatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Zidole, bambo a Tine? Inuyo?” Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndaulula theka. Zoti ndinaona Lachiwiri, zoti ndimadziwa za penti, ndameza.

Lamulungu, 19 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite. Ndinatenga jumbo lija kupita nalo kwa a Thompson, ndimafuna lingochoka pamaso panga. Anatulutsa kamodzi, anakatembenuza, anapukusa mutu. Ati zotsukidwa, zopanda katoni, zida zake zinasowa, ndi za m'bokosi la pansi pa tebulo lawo, la zidole zotchipa zogulira ana. Ndinati ayi, kwa ana zisapite. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndiye ndinawafotokozera.

“I told you, didn't I? I told you, lad.”

Inde anandiuza. Ndi munthu yekhayo m'Bradford muno amene akudziwa kuti ndinauzidwa. Jumbolo ndabwera nalo, lili m'galimoto.

Lolemba, 20 Ogasiti

Amutenga magazi. Anavutika kupeza mtsempha, kamkono konenepa kaja. Analira mpaka mawu kutha, maso ali pa ine, ine ndi amene ndinamugwira. E. anaima pambali, nkhope ya kuntchito, koma pobwerera m'galimoto analira.

Apongozi anatsala kunyumba. Chiyambire Loweruka sanamunyamule Tine. Mwana akakwawira kwa iwo amapinda manja m'chitenje n'kuitana E. Za “Tine, uwauze atate ako” zatha. M'nyumba muli zii.

Lachitatu, 22 Ogasiti

Palibe uthenga. Tine akuseka, akudya, dzino latuluka. Ndikumamuyang'ana m'maso kufuna kuona ngati china chasintha, ngati kuti ndingachidziwe.

Mbale ya apongozi ikubwerera momwe yapitira.

Lachinayi, 23 Ogasiti

Adokotala aimba. Mtovu ulimo pang'ono, wosafika poopsa, adzamuyezanso pakapita miyezi. E. anakhala pansi pa khichini penipenipo n'kuyamba kupemphera. Inenso mtima unatsika.

Ndimayesa zatha. Koma madzulo E. wandiuza kuti amayi ake alonga chikwama, akufuna tiwasinthire tikiti kuti anyamuke Loweruka. E. wapepesa, wagwada, wati anayankhula ndi mantha. Iwo akuti sanakwiye. Akuti, “Ndinabwera kudzalera, ndatsala pang'ono kupha. Ana asanu ndi mmodzi ndalera ine, lero manja angawa sindikuwakhulupirira. Ndikafika kumudzi sindidzagwiranso mwana wa munthu.”

E. akuti, “Si kulakwa kwa munthu aliyense, palibe amene amadziwa.” Ananena akundisisita paphewa, kunditonthoza ine.

Ndikangokhala chete, Loweruka akwera ndege atasenza mlandu wanga, ndipo adzafa nawo. Ndikanena, sindikudziwa kuti E. adzandiyang'ana bwanji.

Lachisanu, 24 Ogasiti

M'mawa E. ali kubafa, ndinanyamula Tine n'kukwera naye. Chitseko cha kachipinda chinali chotsegula. Apongozi anali pabedi atavala kale za paulendo, ngakhale ulendo ndi wa mawa, chikwama chili pamapazi. Atandiona anatembenukira kukhoma.

Ndinanjuta pakhomo. Ndinati, “Amayi.”

Msana wawo unauma. Sindinawaitanepo chikhalire.

Ndinanena zonse, mawu akutuluka mokhotakhota. Kuti zidolezo zinali zanga. Kuti wogulitsa anandichenjeza kalekale za penti. Kuti Lachiwiri lija ndinaima pakhomo, TV ikunena, ndikuona mwana akutafuna, ndipo ndinangotsokomola n'kudutsa. Kuti iwo sanadziwe kanthu, wodziwa ndinali ine.

Anatembenuka. Anandiyang'ana m'maso, ndipo ine ndi amene ndinagwetsa nkhope.

“Munaona?”

“Ndinaona.”

“Mukudziwa?”

“Ndikudziwa, amayi.”

“Ndiye mumaopa ine kuposa kuopa maliro a mwana wanu?”

Anaimirira, anavula juzi ya paulendo ija n'kuiponya pabedi. Anabwera mpaka pamene ndinanjutapo, anatenga Tine m'manja mwanga osapempha, anamuponya kumsana n'kumanga chitenje zolimba. Kenako anakweza mawu kudutsa pamutu panga.

“Eneless, tikiti ija usasinthe. Mwanayu sindingamusiye.”

Ndinacheuka. E. anali pa masitepe, thaulo lili m'manja, tsitsi likudontha madzi. Sindikudziwa kuti anaima pamenepo kuyambira liti, koma nkhope yake inandiuza kuti wamva zokwanira.

Apongozi anadutsa pambali panga, phewa lawo linandikhudza, anatsika ndi mwana. E. anawapatsa njira n'kuwatsatira. Pansipo ndikumva akutereka madzi, akuyankhula motsitsa mawu awiriwiri. Ine ndidakali pamwamba pano, palibe wandiitana.