Manda a Nthochi ku Lizulu

Lolemba, 29 Seputembala

Mvula tsiku lonse kuno ku Glasgow. Basi ya ku Springburn mochedwa ngati kale. Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, nkhalamba zisanu ndi imodzi kusambitsa, msana uwu.

Mwana wanga Chiyanjano wamata mapu a Mozambique pa firiji. Akuti ndi za kuyunivesite, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Pambali pake mndandanda. Gorongosa, 1985. Mlatho wa ku Mutarara, 1986. Mtendere wa ku Roma, 1992. Akuti apa ndi pamene nkhondo inkatembenukira. Wandifunsa m'Chizungu chake cha kuno chothamangacho kuti ine ndinali kuti. Ndati ndinali mwana, sindikumbuka. Bodza.

Ulongwe wa ku Mozambique, kwathu, palibe pamndandandapo. Mapichesi aja, oyoyoka okha mpaka nkhumba kutopa nawo. Kuno anayi m'kapepala, olimba ngati mwala.

Lachitatu, 1 Okutobala

Uthenga wa mawu kuchokera kwa msuweni wanga Charles ku Lizulu. Ndaumvera m'chimbudzi cha kuntchito. Akuti kumsika kwafika bambo wa imvi, wotsimphina, akuti ndi Zangaphee.

Achimwene anga a Zangaphee tinawaika m'manda mu 1988.

Kunena zoona tinaika thunthu la nthochi. A Renamo, amene tinkawatcha Matsanga, anawagwira kuchigayo tsiku lomwe analowa mu Ulongwe. Ife tinathawira ku Malawi, kungodumpha msewu. Zaka ziwiri kudikira. Kenaka munthu wina anati anaona mtembo. Akuluakulu anakulunga thunthu m'kapulana, chitenje cha amayi, tinalira, tinameta.

Ndaswa kapu ya gogo wa chipinda 4.

Loweruka, 4 Okutobala

Lero tsiku la mtendere kwathu. Ku Lizulu mu 1992 tinavina pamsewu, mwendo wina ku Malawi wina ku Mozambique. Tinalibe kanthu koma tinali ambiri. Ndimapasowa pamenepo.

Charles wayimba. Akuluakulu akuti munthu woliridwa salowa pakhomo manda ake asanafafanizidwe, ndipo wololeza akhale mmodzi mwa amene anaponya dothi. Amayi kulibe. Amalume kulibe. Ndatsala ine, Sabina, ndili ku Glasgow kuno ndi chijasi m'nyumba. Bamboyo akugona pakhonde la golosale. Kuzizira kwa ku Lizulu ndimakudziwa.

Chithunzi chabwera. Mano akutsogolo palibe. Ndayang'ana mpaka maso kuwawa. Makutu mwina. Koma akuba nawo ali ndi makutu, ndipo wa kunja aliyense amamera abale.

Lamlungu, 5 Okutobala

Kutchalitchi ku Gorbals. Sindinamve ulaliki.

Chomwe sindinauzepo munthu ndichilembe pano. Tsiku lija woyenera kupita kuchigayo ndinali ine. Ndinanama kuti mutu ukuwawa, n'kuzembera kwa mnzanga kukalukitsa tsitsi. Achimwene anamanga thumba panjinga, akuimba mluzu. Mfuti zinayamba mbali imodzi yokha italukidwa. Ndinalowa m'Malawi choncho, theka loluka theka nyankhalala.

Amayi anamwalira akudziwa za mutu wowawa.

Ndatumiza funso limodzi kwa Charles. Amufunse kuti n'chifukwa chiyani anapita kuchigayo ndi iyeyo. Akati mlongo wake ankadwala, ndiye kuti anangomva kwa anthu. Nkhani imeneyo mudzi wonse umaidziwa.

Lachinayi, 9 Okutobala

Zii. Charles akuti netiweki. Mtima uli m'mwamba. Sindikudziwa chomwe ndikuopa kwambiri, kuti si iwo kapena kuti ndi iwo.

Chiyanjano wawonjezera mivi yofiira pamapu. Asilikali a ku Zimbabwe uku, Matsanga uku. Zooneka bwino, ngati pulani ya nyumba.

Lachisanu, 17 Okutobala

Yankho linabwera Lolemba. Sindinathe kulemba.

Mawu okalamba, osasa, Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Anayamba ndi kuseka. Anati, “Sabina, iwe mutu sunkawawa. Ndinakuona ukudutsa kuseri kwa khola, chipeso m'manja.” Anati anangokhala chete kuopa kuti amayi angandikwapule. Zaka zisanu ndi chimodzi akusenza katundu wa Matsanga kutchire, kenaka manyazi obwerera. Zimenezo anangozidumpha mwachangu.

Pomaliza anafunsa, “Nanga tsitsilo linakhala bwino?”

Ndalira m'basi, mayi wina wachizungu n'kundipatsa tishu.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndauza Charles m'mawa uno kuti afafanize mandawo. Pamalopo adzalepo nthochi yeniyeni. Awapatse achimwene bulangete, alowe m'nyumba lero lomwe.

Ndatenga cholembera cha Chiyanjano. Pakati pa Mutarara ndi Roma ndalembapo: Chigayo cha ku Ulongwe, 1986. Wawerenga, wandiyang'ana, wakoka mpando. Ndamuuza kuti ali ndi amalume.

Charles akuti achimwene ayimba pa vidiyo 3 koloko. Ndavala duku, ndavula. Aone okha imvizi, ndaluka mbali zonse ziwiri.

Foni ikulira